Batani Lakumanzere

Mkamwini wanga amawotcherera zitsulo. Mageti, mabedi, mafelemu a mazenera, zonse amapanga, ndipo ntchito amaidziwa, pamenepo sindingamunamizire. Koma za gasi usayerekeze kumuuza kanthu. Amakuyang'ana ngati wamutukwana.

Bambo a ana anga atamwalira, mwana wanga wamkazi ananditenga kuti ndizikhala nawo. Kachipinda kanga kanali kogundana ndi khitchini, khoma lake la matabwa, moti supuni ikagwa ndinkaimva. M'mawa uliwonse mkamwini ndiye ankayamba kudzuka, n'kutereka ketulo pa sitovu ya gasi. Madzi akawira sankazimitsa pa batani ngati anthu ena onse. Ankawerama pansi pa tebulo n'kutseka silinda ya gasi, moto n'kumachepa mpaka kuzima wokha. Ati kuntchito kwawo amatero, kuti m'paipi musatsale gasi. Chabwino. Koma batani lakumanzere ankalisiya lotsegula, chikwama paphewa, ulendo.

Ndiye taganizani za wobwera pambuyo pake. Atsegula silinda, atembenuka kukatsuka mpunga, kumbuyoku gasi akutuluka popanda moto.

Wobwera pambuyoyo ndinali ine. Dzanja langa linazolowera kugwira mabatani onse awiri ndisanakhudze silinda, ndipo lakumanzere ndinkalipeza lotsegula tsiku ndi tsiku. Ndinamuuza mwana wanga mwakachetechete, tikuyanika zovala.

"Amayi, inunso," anatero akuseka. "Munthu amaswera ndi gasi tsiku lonse, ndiye mumuphunzitse inu?"

Panyumba pa eni ake munthu umayenda monyang'ama, choncho ndinapitiriza kutseka batani lija osauza munthu.

Tsiku lina mawondo anandikana, sindinadzuke msanga. Mkamwini anamwa tiyi wake n'kutuluka. Mwana wanga analowa m'khitchini, anatsegula silinda, kenaka foni yake inalira kuchipinda, n'kuthamangira komweko. Ndinamva kaphokoso kakang'ono kuseri kwa matabwa, kenaka fungo lija, longa la mazira owola. Mayo ine! Zidzukulu zanga zinali zili m'tulo m'chipinda chachiwiri.

Ndinadzikoka mpaka kukhitchini. Magetsi sindinayatse, machesi ndinawakankhira kutali. Ndinakankha zenera, n'kutsegula chitseko chakumbuyo, n'kugwada ndi mawondo anga omwewa kutseka silinda. Ndikuimirira kuti nditseke batani, mkamwini ndi uyu pakhomo, wabwerera kudzatenga makiyi amene anaiwala. Anapeza nyumba ikununkha gasi, dzanja langa lili pa batani.

"Amayi! Mukufuna kutiphera ana?"

"Apongozi, batani ili mwalisiya ndinu. Mumalisiya tsiku lililonse."

Anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Ine? Moto ndazimitsa ndekha, ndauona ukuzima ndi maso angawa. Ukalamba si tchimo, amayi, koma musamakankhire ena."

Ndinayang'ana mwana wanga, amene anali ataima kumbuyo kwake foni ili m'manja. Ankadziwa kuti silinda watsegula ndi iye, ankadziwanso zomwe ndinamuuza pa chingwe cha zovala paja. Anangoyang'ana pansi. Mwana woyamwa bere langali! Zinandipweteka kuposa mawondo.

Madzulo ake mkamwini anabwera ndi kachitsulo kowotcherera yekha, kosalala bwino, n'kukakhomera pa chitseko cha khitchini, n'kupachikapo loko. Ine amene ndinaphikira ana asanu mpaka kukula, ndinayamba kupempha madzi otentha ngati mlendo. Sipanapite nthawi, anandikhazika pansi n'kunena kuti ndikapumuleko kwa mwana wanga wamwamuna. Kupumula! Ndinatopa ndi chiyani, poti ngakhale ketulo anandilanda?

Tsiku lonyamuka ndinamugwira mkono mwana wanga wamkazi uja pageti.

"Usanatsegule silinda, uzigwira kaye mabatani. Makamaka lakumanzere."

"Amayi, zimenezo zinatha. Kwerani, galimoto ikudikira."

Kwa mwana wanga wamwamuna mbiri inafika ine ndisanafike. Ati agogo ayamba kuiwala, anatsala pang'ono kuyatsa nyumba. Mpongozi wanga wakumeneko ndi munthu wabwino, koma ndikangoyandikira khitchini amathamanga. "Khalani pansi agogo, ndikubweretserani." Amabisa machesi pamwamba pa kabati, akuganiza kuti sindikuona. Ndimangokhala pakhonde tsiku lonse, manja pamiyendo, ngati mpando wakale umene akusowa poutaya.

Lachiwiri lapitali ndili pakhonde pomwepo, ndinaona mayi akulowa pageti atafunda mpango kumutu, dzanja lamanja lili m'bandeji mpaka pachigongono. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe, anali mwana wanga wamkazi. Atayandikira, ndinamuona kumaso. Nsidze kunalibe, tsitsi lapamphumi linali litapserera, tsaya lili mbuu ndi mankhwala.

Anakhala pansi pafupi ndi mapazi anga. Ati anali ndi chimfine, mphuno zotseka. Anatsegula silinda, n'kuyamba kufunafuna machesi m'madirowa, fungo osalimva. Atawapeza anakhwatcha kamodzi kokha. Mwayi wake ana anali atapita kale kusukulu.

"Linali lakumanzere, amayi," anatero.

Ndinali nditasunga mawu ambiri owawa, ndinkawabwereza ndekha pakhondepo tsiku lililonse. Koma poona bandeji ija onse anathawa. Ndinamuvula mpango uja pang'onopang'ono kuti ndione bwino chilondacho. Mkwiyo unandigwira.

"Nanga amuna ako akuti chiyani tsopano?"

Anayamba kukanda m'mphepete mwa bandeji ndi chala.

"Yankha, iwe. Aona okha, akuti chiyani?"

"Ati kuiwalaku ndatengera inu."

Anapukuta misozi ndi dzanja labwinolo, n'kufunsa ngati pali madzi akumwa. Sakanatha kukhalitsa, ati ayenera kubwerera msanga kuti akawaphikire.