Gasi Wochuluka M'galimoto ya Malemu

Mayi ena amasiye anabwera kugalaja ndi galimoto ya malemu amuna awo, chifukwa makina oziziritsira m'kati ankangotulutsa mpweya wotentha. Makaniko analumikiza mageji oyezera gasi kumapaipi a makinawo n'kuliza injini. Mivi yonse iwiri ya pamagejiwo inakwera mopitirira muyeso, kompuresa yopopa gasiyo n'kumangozima yokha.

"Mayi, palibe pakudontha. Gasi wachita kuchuluka. Alipo amene ankawonjezera?"

Mayiwo anayankha kuti:

"Bambo akunyumba. Pamene ndinkadwala, ankandipititsa kuchipatala dzuwa likuswa mtengo. Ndikangodandaula kutentha, ankagula kachitini kena ka gasi n'kuthira okha."

Makaniko anachotsa gasiyo pang'onopang'ono mpaka mivi inatsika. Mayiwo anakakhala pampando wawo wakale, pambali pa woyendetsa, mpweya wozizira ukuwawomba kumaso, ndipo sanafulumire kutsika.