Funso la a Chiswe

"Izinso simukuzifuna?" anafunsa Wamabuku, akumenyetsa mapepala padesiki.

"Ndikuzifuna, achemwali, koma..."

"Koma chiyani? Sabata yatha munafuna za chiswe cha m'nthaka youma, ndinakupezerani. Dzana mwati cha m'nthaka yonyowa. Lero ndiye chiti, chiswe cha kumwezi?"

Ophunzira amene anali patebulo lapafupi anabisa nkhope m'mabuku, mapewa akugwedezeka.

Mnyamatayo ankachita kafukufuku wa chiswe payunivesitipo, n'chifukwa chake aliyense ankangoti a Chiswe. Wamabuku ndiye ankayang'anira gawo la sayansi m'laibulale. Ntchitoyi sanaitole panjira: anayamba waphunzira sayansi ya zamoyo, kenako za kasungidwe ka mabuku. Ankasaka zolemba za akatswiri pakompyuta, kuitanitsa magazini a sayansi, ndi kuphunzitsa a chaka choyamba kusiyanitsa umboni ndi mphekesera. Chimene ankanyadira n'chakuti munthu akabwera ndi funso losokonekera, iye ankalisenda pang'onopang'ono mpaka funso lenileni litaonekera.

Koma uyu yekha anamukanika. Ankalandira mapepala ndi manja awiri, n'kuthokoza, mawa lake uyu wabweranso, nsapato zili dothi lokhalokha. Chokwiyitsa kwambiri chinali chakuti chitseko chikangolira, maso a Wamabuku ankathamangira komweko asanawatume.

"Ndaganiza," anatero motsitsa mawu. "Kuyambira mawa muzikwera masitepe kupita kwa abwana. Akhalitsa pantchitoyi. Ine ndalephera kukumvetsani."

Atangotero, analakalaka kubweza mawuwo. Munthu akazolowera masitepe aja, desiki yapansi amangoidutsa.

"Ayi, musatero!" anakuwa a Chiswe.

"Aaa, phokoso!" wina anadandaula kuseri kwa mashelefu.

"Ndiye nenani," ananong'ona Wamabuku, zala zili kale pakiyibodi. "Kompyuta imakupatsa zimene walemba, osati zimene zili mumtima. Ndipatseni mawu enieni, ndikusakireni komaliza."

A Chiswe anapotokola chipewa chawo ngati akuchifinya madzi. Munthu wokumba chulu dzuwa lili pamutu osadandaula, apa thukuta linali kamukamu.

"Mawuwo ndinawapeza kalekale," anatero. "Kungoti ndikafika padesiki pano ndimameza zilembo ziwiri."

"Zilembo zitinso?"

"Ine sindibwera kudzafunsa, achemwali," anatero a Chiswe. "Ndimabwera kudzafunsira."

Patebulo paja buku linagwa pansi, koma palibe analitola. Wamabuku anayang'ana kabokosi kosakira pakompyuta kali mbee, kamzere kakuphethira ngati nakonso kakudikira yankho. Masukulu onse aja, funso losavuta chonchi n'kumudutsa pamphuno! Anafuna kukwiya, koma milomo inamukana n'kuyamba kumwetulira.

Anasonkhanitsa mapepala aja bwinobwino n'kuwakankhira kwa mnyamatayo.

"Awa mukawerenge, ndinavutika nawo," anatero. "Tikatseka mundidikire pakhomo. Ndipo za achemwalizo zithere pompano."