Mwala wa Amalume ndi Injini ya ku Amereka

Tsiku limene ndinapita kusekondale yoyendera ya kwathu ndi kalata yopempha kuti andilandirenso, ndinakayambana ndi munthu yemwe ankayenera kuisayina. Sukulu ndinasiya nditangomaliza Fomu 2, mimba ya mwana wanga Lefina itaonekera. Ahedi anawerenga kalatayo n'kunena kuti mu Fomu 3 yamasana mwatsala malo a munthu mmodzi, ndipo osunga mayina ndi aCornelius, aphunzitsi a sayansi.

"Ali mu labu. Akavomera iwowo, basi walowa."

Ndinawapeza atazunguliridwa ndi ophunzira. Patebulo panali kainjini ka nthunzi, kotalika ngati mkono wa mwana: kathanki konyezimira, chumuni chakuda ndi gudumu lofiira. Anawatumizira mnzawo wa ku Amereka. Madzi ake kankatenthetsa ndi magetsi, osati nkhuni. Lachisanu linali tsiku la makolo, ndipo aCornelius anali atalengeza kale kuti kadzayenda pamaso pa aliyense.

Pulagi yake inali ya mano opyapyala, yosalowa mu soketi yathu. Ndiye anachita zomwe tonse timachita kuno: anaidula ndi lezala, n'kusenda mawaya, n'kutulutsa timitengo ta machesi topanira mawayawo m'mabowo.

Ine ndimameta anthu pamsika ku Kaomba. Mashini anga ometera oyamba ndinawagula pakaunjika, a ku Amereka komweko, ndipo anangolira kamodzi n'kufuka utsi, mutu wa kasitomala uli theka. Kuyambira pamenepo chamagetsi chilichonse ndimayamba ndawerenga zimene alemba. Ndinawerama, Lefina ali kumsana. Pakachitsulo ka m'mbali panalembedwa 120V, 400W.

"Aphunzitsi, musalumikize."

Anatembenuka. "Feliya? Wabwera kudzameta ndani kuno?"

Ophunzira anaseka.

"Magetsi athu ndi 230. Kameneka n'ka 120. Kapsa."

"Si wailesi iyi. N'kotenthetsa madzi basi. Kangowira msanga."

Anatambasula dzanja. Ine ndinatenga chingwe chija n'kuchikulunga m'manja mwanga.

"Chabwino, amisiri," anatero. "Ometa inu muli ndi timathiransifoma tanu tija totsitsa magetsi. Katenge kako."

"Kanga n'ka mawati 50. Apa pakufunika 400. Kangapse n'kanga, injini osayenda."

Ndinali nditawatsutsa kawiri pamaso pa ana awo. Anaona kalata ili m'dzanja langa lina, anaitenga, anaiwerenga pang'onopang'ono, kenako ananyamula kainjini n'kuika kalatayo pansi pake.

"Ikhala pamenepo. Kakayenda Lachisanu m'njira yakoyo, tikambirana. Kakapanda kuyenda, ndilumikiza m'njira yanga, ndipo iwe uzikameta."

Linali Lachitatu. Kutacha ndinakwera minibasi kupita ku Boma. Ndinalowa m'masitolo asanu ndi awiri, ndipo konse ankanditulutsira timathiransifoma tokwana m'thumba, tonga kanga komwe. Wina anafuna kundigulitsa adaputa, nati n'chimodzimodzi. Ndinamuuza kuti adaputa imasintha mano okha, magetsi amakhala omwewo, ndipo anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Pobwerera tinatsatana ndi lole yodzaza mabelo a fodya. Fungo lake litalowa pawindo, ndinakumbukira chigafa cha amalume anga aYobu. Iwo anagwirapo ntchito pa esiteti ina yomwe inatsekedwa kalekale, ndipo pochoka anapatsidwa chitsulo chamakona anayi chokhala ndi chogwirira pamwamba. Ankapsinjira fodya asanamudinde m'mabelo, ndipo ankachitcha mwala. Ndili wamng'ono ndinkakhalira pamenepo posoka fodya, chala changa chikuyenda pa manambala a m'mbali mwake. Ndinkawakumbukirabe: 230, 115, 1000. Kutsitsa magetsi kuchoka pa 230 kufika pa 115, mawati 1000: n'chimene ndinkafuna.

Ndinawapeza akusankha fodya. Ndinagwada n'kufotokoza zonse.

"Mwala wangawo?" anatero. "Nanga fodya wanga ndipsinja ndi chiyani? Ndi kalata yakoyo?"

"Si mwala, amalume. Ndi thiransifoma."

"Zaka makumi awiri mwalawu uli pano. Sunandiuzepo dzina limenelo."

Sindinalimbane nawo. Ndinamutsitsa Lefina, ndinapita kuseri kwa nyumba kumene kunali uvuni wakale, n'kuwatutira njerwa khumi ndi ziwiri pamutu, maulendo atatu. Ndinaziyala pa thabwa pamwamba pa fodya. Amalume anaponda thabwalo, anagwedeza mutu.

"Ubwere madzulo a mawa ulibe chilema."

Wakabaza amene anandinyamulira anafunsa kawiri ngati m'sakamo ndamangamo munthu.

Sindine wopusa woti n'kulumikiza chinthu chimene chakhala m'chigafa zaka zonsezo. Ndinapita nacho kwa aAmisi, okonza mawailesi, amene benchi yawo yayandikana ndi pometera panga. Atamasula chivundikiro munagwa zisa za mavu ndi fumbi la fodya. Anapukuta, anachiika padzuwa, kenako anayeza mbali zonse ndi mita yawo.

"Mlongo, mkati muli bwinobwino. Anthu akale ankapanga zinthu ngati sadzafa."

Anachiikira pulagi yatsopano ya mano atatu yokhala ndi fiyuzi, ndi waya wa ethi womwe, woteteza kuti munthu asagwidwe ndi magetsi. Atayatsa chinayamba kung'ung'udza pansipansi ngati njuchi mumphako. Mita inaloza 116. Tinachisiya ola lathunthu, ine ndikuchigwira pafupipafupi. Sichinatenthe.

Lachisanu mu labu munadzaza. Makolo anakhala pa mabenchi, ophunzira anaunjikana m'mawindo. Amalume anabweranso atavala jekete, ati kudzalondera mwala wawo. ACornelius anayang'ana chitsulo chadzimbiricho, chikununkha fodya pafupi ndi kainjini kawo konyezimira. Anatulutsa mita ya sukulu, anayeza okha, anayezanso. Kenako anamangira okha mawaya a injini ku thiransifomayo, ndi sikuludiraiva, opanda machesi.

Ndinatsegula botolo la madzi limene ndinabwera nalo.

"Amenewo ndi a kuti?" anafunsa aCornelius.

"A pamjigo."

"Ayi. Ali ndi mchere, atseka timapaipi." Anandipatsa botolo la mu labu la madzi otchezedwa, opanda mchere. "Usadzaze. Usiye mpata wa nthunzi."

Apo anali olondola, ndipo ndinachita monga ananenera. Anadontheza mafuta pa gudumu, n'kubwerera m'mbuyo.

"Yatsa wekha. Ndi njira yako."

Ndinayatsa. Thiransifoma inang'ung'udza. Kainjini kanangokhala phee.

Mphindi imodzi. Ziwiri. Zitatu. Bambo wina kumbuyo anati, "Mutiitanetu kakadzuka, ena tasiya fodya pamphasa." Anthu anaseka. Lefina anayamba kundikoka mpango. Ine maso anali pa kalata yanga, imene kona yake inkaonekera pansi pa injini. Ndinayandikitsa chikhatho pa kathanki: kankatentha, koma bwinobwino, popanda fungo la waya wopsa. Fungo limenelo ndimalidziwa.

Kenako munayamba kumveka kaphokoso konga ka ketulo. Kasingano ka pa geji yoonetsa mphamvu ya nthunzi kananyamuka, kanakwera, kanakweranso.

"Kankha gudumu," anatero aCornelius chapansipansi.

Ndinalikankha ndi chala. Linazungulira kamodzi, kainjini kanalavula madzi otentha patebulo, linaima. Ndinalikankhanso. Linapita lokha kawiri, katatu, kenako tchuku, tchuku, tchukutchukutchuku, mpaka gudumu lofiira lija silinkaonekanso masipoko. Nthunzi inatuluka pa chumuni. ACornelius anakoka kachingwe, ndipo kanthu kakang'ono kaja kanaimba likhweru lomveka mpaka kubwalo la mpira.

Azimayi analulutira. Ophunzira a m'mawindo anamenya malata. Amalume anaimirira pa benchi, chipewa m'mwamba.

"Mwala wangawo! Mwauona? Ndinkadziwa ine!"

Kanayenda mphindi khumi ndi zisanu. Bambo wa fodya wa pamphasa uja anakankha anzake kuti afike kutsogolo, n'kupempha kuti likhweru lilirenso. Madzi atatsika pa kagalasi koonera m'kathanki ndinathimitsa, chifukwa chotenthetsera chikauma chimapsa ngakhale magetsi akhale oyenera.

Kainjini katazizira, aCornelius anakanyamula ndi nsalu n'kusolola kalata ija. Inali itanyowa kona imodzi. Anaiyala pa thiransifoma ya amalume, popeza patebulo panali madzi, n'kusayina pomwepo, makolo akuona.

"Ndikanalumikiza Lachitatu lija, lero bwenzi tikuonetsa chitini," anauza makolo. Kenako anatembenukira kwa ine. "Lolemba, 2 koloko. Mutu woyamba ndi magetsi. Ukadzafuna kunditsutsa, uzidzayamba wakweza mkono."

"Ndidzakweza, aphunzitsi."

Amalume anali atagwira kale chogwirira cha mwala wawo. Ahedi anawapempha kuti ukhale pasukulu. Anaganiza nthawi yaitali, dzanja lili pomwepo.

"Njerwa zija zikupsinja bwino," anatero. "Koma pamwambapa mulembe dzina langa."

Ndinalilemba ine ndi penti yoyera ya sukulu: YOBU. Pansi pake ndinawonjezera zilembo zazikulu zoti aliyense aziwerenga asanagwire chingwe: INJINI IZILOWA MUNO, OSATI PAKHOMA. Kenako ndinabereka Lefina, kalata ndinaipinda n'kuiika m'bulauzi, ndipo ndinathamangira kumsika. Lachisanu madzulo anthu amameta kwambiri, ndipo ndinkafunika kugula makope.