Utsi wa pa Msewu wa Ngong

A Mwabi Chirwa anakhala zaka khumi ndi chimodzi ku Nairobi akuyeza utsi. Bungwe loona za chilengedwe lomwe ankagwirako ntchito linawapatsa timabokosi tomangirira pa mapolo a magetsi m'mbali mwa misewu. Lolemba ankaikamo timapepala toyera, Lachisanu n'kukatichotsa tili bii.

Akazi awo, a Deliwe, ankadwala mphumu kuyambira ali mtsikana. M'mawa wina mu Marichi 2006, chifuwa chinawabanika ali kunyumba ku Ngong, ndipo mankhwala opopera m'kamwa sanathandize. A Mwabi anawakweza m'galimoto lawo lakale kuti athamangire kuchipatala ku Parklands. Pa Dagoretti anapeza mdipiti wa magalimoto osasuntha, ndipo lawolo linatentha n'kuzima. Dalaivala wa matatu yomwe inali kumbuyo kwawo, minibasi ya anthu opita kuntchito, anatsitsa onse amene ananyamula, nawagoneka a Deliwe pampando. Anayendetsa modutsa oyenda pansi, akuliza hutala, mpaka pakhomo la chipatala. Atawatsitsa anabwerera osatchula n'dzina lomwe. Adokotala anati mayiwo anali atatsirizika kale m'njira.

Maliro anakaika kwawo ku Nkhata Bay. Atabwerako, a Mwabi anapitiriza ntchito ngati kale. Ankadzuka, kusamba, kukwera basi. Amalawi anzawo akutchalitchi akabwera kudzawaona, ankawayankha bwinobwino, koma alendowo akachoka sankakumbukira zimene akambirana. Nsapato za a Deliwe zinakhalabe pakhonde pomwe anazivula.

Patatha miyezi itatu, a Kate, mkulu wawo wa kuntchito, anawauza za msonkhano wa ku Hurlingham. Panali ganizo loti magalimoto akale ndi matatu aziletsedwa kulowa pakati pa mzinda, ndipo bungwe lawo linkagwirizana nalo. A Kate anazungulira nthawi yaitali asanafunse ngati a Mwabi angatchuleko za malemuwo pamsonkhanopo, poti manambala okha safika anthu pamtima. A Mwabi anavomera. Masiku amenewo ankangovomera chilichonse.

Holo ya hotelo yomwe munachitikira msonkhanowo inadzaza. Dokotala wina anafotokoza za ana amene amabwera kwa iye akutsokomola chaka chonse. Mayi wogulitsa ndiwo zamasamba anafunsa ngati akuluakuluwo anasenzapo thumba la kabichi kuchokera kunja kwa tauni. Mwini matatu wina analoza pawindo, pomwe panali magalimoto akuluakulu a mabungwe, nati lililonse labwera ndi munthu mmodzi. Anthu anakuwizana, wapampando akumenya tebulo. A Mwabi ankangoyang'ana botolo la madzi lomwe linali patsogolo pawo.

Kenako anaimirira woimira madalaivala a njira ya ku Ngong, nati dzina lake ndi Morris Njoroge. A Mwabi anamuzindikira: anali dalaivala uja. Iye analankhula mwachidule, kuti utsiwo amaupuma ndi iwo kuposa wina aliyense, koma akawathamangitsa m'tauni anthu osauka adzayenda pansi.

Nthawi yawo itakwana, a Mwabi anawerenga manambala onse, msewu ndi msewu, ndi mawu osakwera osatsika. Atamaliza anaona a Kate akuwayang'ana.

"Mkazi wanga anamwalira ndi mphumu pa msewu wa Ngong," anatero. "Utsi umene anapuma tsiku limenelo, wina unali wa galimoto langa. Amene anamunyamula ndi bambo ali apowa."

Anakhala pansi. Mbali zonse ziwiri zinaomba m'manja, aliyense poganiza kuti mawuwo amuikira kumbuyo. A Mwabi sanamve kanthu mumtima. Msonkhano unatha ndi mfundo yoti pasankhidwe komiti yoti ikaunikenso nkhaniyo.

Panja, Morris anawapeza ataima pafupi ndi geti. Dalaivalayo anali atavula chipewa.

"Sindinadziwe, bambo," anatero m'Chiswahili, chomwe a Mwabi ankachimva bwino. "Masiku onsewa ndimauza anzanga kuti tinafika nthawi yabwino."

"Munayesetsa," anatero a Mwabi.

Morris anavalanso chipewa chake. Anati matatu yake ili pafupi, angathe kuwatengako. A Mwabi anathokoza, nati ayendako pang'ono.

Anatsata msewu wa Argwings Kodhek, dzuwa lili paliwombo, magalimoto akukwawa pambali pawo. Atafika pa kagolosale kena analowa kuti agule buledi. Anaima pashelefu nthawi yaitali, mpaka mtsikana wogulitsa anawafunsa ngati akufuna thandizo. A Mwabi anagula buledi watheka, natuluka.