Jezi ya Malemu Pettway

Cedric Pettway anali atapsereza nthiti za nkhumba kachiwiri pamene mayi ake, a Lurleen, anamulanda mpeni.

"Choka pamoto apa. Nyama yakulakwira chiyani? Nena chimene chikukudya."

Cedric anawafotokozera chimene chinkamudya. Timu yake, ya mpira wothamanga nawo m'manja uja, inali itatenga mnyamata watsopano, Jaquan Broussard, n'kumupatsa ndalama yosainira yoti munthu ukaimva umayamba wakhala pansi. Koma ligi imaika malire pa malipiro a osewera onse a timu imodzi. Bulangete ndi limodzi: wina akakokera kumutu, mnzake miyendo ili pamtunda. Choncho mabwana anauza Cedric kuti asankhe. Avomere kudulidwa malipiro, apo ayi akasake timu ina kutali, nyumba igulitsidwe, ana asiye sukulu yawo ndi agogo awo.

"Sakukuuzani zonse, Amayi," anatero Shondra, mkazi wa Cedric, akuyala mbale. "Jaquan akufuna nambala 24 ya pajezi ya amuna angawa. Mwambo mukuudziwa, wobwera akasirira nambala ya mnzake amachita kugula. Ndalama yopatsana osewera okhaokha ligi siiwerengera. Imene walonjeza mwanayo ikukwirira dzenje lonse."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Sindigulitsa," anatero Cedric. "Bambo anavala 24 kusekondale. Ndinalumbira pamanda pawo kuti ndidzapuma mpira nditavala yomweyo."

A Lurleen anamuyang'ana, kenaka anaphulika kuseka mpaka kugwira mpanda.

"Ambuye ndithandizeni! Walumbirira 24? Bambo ako ankafuna 7, mwanawe. Anailirira ngati mwana wolandidwa bere."

"Nanga bwanji sanaivale?"

"Inakana kudutsa pamimba! Sukulu yathu inali yosauka, majezi anali omwewo chaka ndi chaka, ndipo yaikulu inali imodzi yokha, 24. Ya 7 ija inamukanirira m'khwapa, manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Ndine ndinamukoka kuti ivuke. Tinadziwana choncho."

Shondra anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe ndi phwete.

"Amayi, mukungopeka," anatero Cedric.

"Ndipeke ine, pa Sabata, nditavala chipewa cha kutchalitchi? Kafunse abusa. Ndiwo anatenga 7 ija, anali owonda ngati bango."

Cedric, munthu woti amuna anzake amamuthawa pabwalo, anakanda kumutu. Kenaka anapinda mkono wa malaya n'kuonetsa nambala 24 yaikulu imene inadindidwa pakhungu la paphewa.

"Nanga iyi ndiitani?"

"Isiye. Khungu likadzakwinyika palibe adzaiwerenge."

"Anzanga adzati ndagulitsa bambo anga."

"Anzakowo adzakulerera ana? Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bambo ako akanakhala moyo, bwenzi atagulitsa nambalayo pamodzi ndi nsapato zomwe, n'kufunsanso ngati mnyamatayo safuna chipewa." Apa mawu a Lurleen anatsika pang'ono. "Chimene ankanyadira ndi iwe, osati nsalu. Kaimbe foni, nyama ikuzizira."

Cedric analowa m'nyumba. Azimayi awiriwo anapala nthiti zopsererazo ndi mpeni, makutu ali kukhomo. Atatuluka, nkhope yake inali itamasuka.

"Ndavomera zonse ziwiri, kudulidwa malipiro ndi kugulitsa nambala. Sitisamuka."

Shondra anamudumphira pakhosi. A Lurleen sanatembenuke n'komwe, anangopitiriza kugawa nyama.

"Umuuze Jaquan wakoyo abwere kuno Lamulungu likubwerali, avule chipewa pakhomo. Munthu sangavale nambala ya mwamuna wanga ndisanaone mmene amadyera."