Mbozi za M'munda wa Keziah

Erastus Pomfret atasiya ubusa ku Boston anabwerera kwawo ku mapiri a Berkshire ndi bokosi la mabuku, tsitsi lofika m'mapewa ndi uthenga watsopano wakuti Mulungu sakhala m'tchalitchi, amakhala m'mitengo. Mchemwali wake Keziah, amene anamulera mayi awo atamwalira, sanatsutse. Anangoti mumtima, ngati Mulunguyo alimodi, bwanji sathandizako kudulira nthambi?

Kuseri kwa nyumba kunali munda wa maapozi. Mtengo uliwonse Keziah anaumezanitsa ndi manja ake, bambo awo akumugwirira phula lomatira. Amuna anamufunsirapo, iye n'kuwakana chifukwa cha mundawo. Koma bambowo pomwalira anasiyira malo onse mwana wamwamuna, monga amachitira anthu. Choncho mwini munda anali Erastus, munthu wosadziwa ngakhale kumene khasu limagona.

Chisanu chitatha, masamba atangophuka, mbozi zinamanga zisa zoyera m'mphanda za nthambi. Mlimi aliyense amadziwa chochita: kumanga nsanza kunsonga kwa ndodo yaitali, kuziviika m'mafuta, kuyatsa, n'kuwotcha zisazo m'mamawa mbozi zisanabalalike. Keziah atangoyamba ntchitoyo, Erastus anatulukira akuthamanga, wopanda nsapato.

"Achemwali! Mukupha chiyani?"

"Mbozi. Kagone, iwe."

"Mbozi? Amenewo ndi agulugufe amene sanabadwe! Muli moyo wa Mulungu mmenemo, inu mukuuyatsa moto?"

"Moyo wa Mulunguwo ukatha masamba, udzadya ndakatulo zakozo?"

"Vuto lanu mumaona ndi mimba," anatero Erastus mwachisoni, m'mimba mwake muli mazira amene Keziah anamukazingira dzulo lake. Analanda ndodo ija n'kukaiponya m'dziwe.

Keziah akanawotcha mwakabisira, koma mchimwene wakeyo anamanga kachisakasa pakati pa munda, ati akhale yekha ndi Chilengedwe. Kukhala yekhako kunali kwakuti mkate, nyemba ndi malaya ochapa zizimupeza pomwepo. Ndipo anamuuza mosapita m'mbali kuti akadzamvanso fungo la utsi, adzagulitsa mundawo kwa mwini fakitale ya nsalu, amene ankaufuna kuti agwetse mitengo n'kumangapo nyumba za antchito. Keziah anaona kuti mbozi n'zabwinoko kusiyana ndi nkhwangwa, n'kuzisiya.

Mbozi zinadya. Munthu ukaima chete unkamva zitosi zake zikugwa ngati mvula yowaza. Erastus ankati imeneyo ndi nyimbo. Agulugufe amene ankawadikirawo atatuluka, anali tizinthu totuwa, tonenepa, tongodziwa kugwera mu nyale. Zimenezo sanazilembe.

Chaka chimenecho mitengo inaphukanso masamba, koma chipatso ayi.

"Mwaona?" anatero Erastus. "Chilengedwe chimadzichiza chokha."

Chaka chotsatira mbozi zinabwera ndi abale awo omwe, kenaka mvula inadula. Mitengo sinaphukenso. Makungwa anayamba kusendeka.

Wina akanachita manyazi, koma mlakatuli sagwa chagada. Erastus anayang'ana nthambi zoumazo n'kupeza kuti imfa ndi yokongola kuposa maluwa. Analemba ndakatulo yaitali ya munda wakufa, yodzaza mwezi, manda ndi mzimu wosungulumwa, magazini ina ya ku Boston n'kuisindikiza. Anthu a m'tauni, amene apozi amalidziwira m'mbale, anaikonda koopsa. Loweruka lina gulu lawo linabwera pasitima kudzaona malowo ndi maso, motsogozedwa ndi Mayi Wadleigh, mkazi wa mwini zombo, amene ankatolera alakatuli monga ena amatolera makapu.

Alendowo anakhala pa mipando pakati pa mitengo youma. Erastus anaimirira, dzanja pachifuwa, n'kuyamba kulakatula. Keziah anatumidwa tiyi.

Pobwera ndi thireyi anadutsa pa mtengo wa kumpanda, woyamba umene anamezanitsa ali mtsikana. Mlendo wina anali atakolekapo chipewa. Pachipsera pamene iye anamatapo phula kalekale panali patang'ambika, ndipo mkati munali mbee, mouma ngati nkhuni. Zaka ziwiri zonsezi Keziah sanalirepo, ankangotukwana nkhuku. Koma apa anaima ndi thireyi m'manja, misozi ikutsika mpaka m'khosi.

Mayi Wadleigh ndiwo anayamba kumuona.

"Eee, taonani anthuni! Ngakhale wantchito yamukhudza! Bambo Pomfret, ndiye ndakatulo imeneyo, yofika ngakhale kwa osaphunzira!"

Onse anatembenuka. Ena anatulutsa mipango, ena anaomba m'manja. Mnyamata wina wojambula anapempha kuti mayiyo asasunthe, nkhope yakeyo ikugwirizana ndi mitengo.

Erastus sanawauze kuti ameneyo ndi mchemwali wake. Koma anasangalala ndi mtima wonse, mpaka maso ake anadzaza misozi. Anayenda pang'onopang'ono kufika pamene Keziah anaima, anadzitengera kapu pathireyipo, n'kunong'ona mokoma mtima:

"Ndinkadziwa, achemwali, kuti tsiku lina mudzandimvetsa."