Madeti a Pamwamba pa Chitseko

"Ababa, n'chifukwa chiyani kampira kanga kamathawira kukona imodzi yokhayokha?"

Anafunsa choncho ndi chitsirizira wa kalipentala, kamtsikana ka zaka zinayi panthawiyo, kakukwawa pansi pa tebulo. Bambo ake anaseka n'kunena kuti kampirako kali ndi mnzake kukonako. Mkazi wake anamudzudzula kuti asamayankhe mwana zopanda mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Panapita zaka ziwiri funsolo lisanamubwerere, ndipo linamupeza tsiku limene anakakonza chitseko cha a Telala.

A Telala anali mayi wamasiye, wosoka zovala. Nyumba yawo ndi ya kalipentala zinali zogundana, khoma lapakati limodzi, mumzere wotsiriza wa kumunsi kwa msewu. Kuseri kwa mzerewo kunali khoma lalitali lotchinga dothi, ndipo kutsidya kwake kunali dzenje lakuya lomwe kale ankaphwanyamo miyala. Tsopano mayiwo ankagulitsa nyumbayo, akuti akakhale pafupi ndi mwana wawo.

"Aneba," anatero Lachinayi m'mawa, atasuzumira pampanda, "chitseko cha kuchipinda chayambanso mwano. Loweruka kukubwera ogula. Mungochinyambitako pang'ono ndi puleni wanu wopalira matabwayo."

Kalipentala anali ndi chizolowezi chimene anatengera kwa mmisiri amene anamuphunzitsa ntchito. Akapala chitseko kuti chizitsekeka, ankalemba deti ndi pensulo pamwamba pake, pomwe penti safika ndipo palibe amayang'anapo. Mkulu uja ankati thabwa siliiwala, amaiwala ndi mmisiri.

Anamasula mahinjesi, n'kuchigoneka chitsekocho pabenchi. Pamwamba pake panali madeti atatu, onse a dzanja lake. Kuchoka pa loyamba kufika pa lachiwiri panali chaka ndi miyezi iwiri. Kuchoka pa lachiwiri kufika pa lachitatu panali miyezi isanu ndi iwiri. Kuchoka pa lachitatu kufika tsiku limenelo panali masabata khumi okha.

Anaima, puleni ali m'manja. Chitseko chimafufuma nthawi ya mvula, koma mvula inali italeka kalekale, kunja kuli gwa. Ndiponso chitsekocho anakhoma yekha ndi thabwa louma bwino, losapindika. Ngati chitseko chilibe mlandu, ndiye kuti wapendama ndi felemu. Ngati felemu wapendama, ndiye kuti lamupendamitsa ndi khoma. Anatenga levulo yoyezera kupendama m'thumba la zida n'kuigoneka pasimenti. Kathovu ka m'levulomo kanathawira kumbali ya msewu, n'kukakamira kumapeto kwa galasi. Pansi ponse panali potsetserekera kudzenje.

"Mwataya chiyani pansipo, aneba?" anafunsa a Telala ali pakhomo.

"Kasikuluu," anayankha, osadzutsa mutu.

Anachipala chitsekocho. Analemba deti lachinayi, n'kuchibwezera. Chinatsekeka mwakachetechete, a Telala n'kumuyamikira kuti manja ake ndi odala.

Atafika kwake anagoneka levulo pabalaza. Kathovu kanathawira komwe kuja. Anaigoneka kukhitchini, n'chimodzimodzi. Kuchipinda cha ana, komwe kunali kumbuyo kwenikweni, kathovu kanachita kubisala. M'pamene anamva mawu a mwana uja ngati akuyankhulira pansi pa tebulo. Anakhala pabedi la anawo n'kuyamba kukumbukira zitseko za mumzere wawo. Nyumba zinalipo zisanu ndi ziwiri, ndipo iye anali atapala zitseko m'nyumba zisanu ndi imodzi. Yotsalayo inali ya mkulu wina woumira, amene chitseko chake ankangochimenya ndi phewa.

Nkhani za m'deralo zinkayenda pagulu la pa foni, lomwe ankaliyang'anira a Tcheya, mkulu wopuma pantchito wokonda mawu akuluakulu. M'mawa uliwonse ankalengeza za kumene madzi asiye, galu wosowa, ndi magetsi a mumsewu amene azima. Sabata iliyonse ankaikanso malangizo kwa ofuna kugula nyumba, kuti eni nyumba azitumizira anzawo: kuti deralo n'labata, sukulu ili pafupi, mphepo ndi yabwino. Chaka chathachi mphunzitsi wina wa mumzere womwewo anaika chithunzi cha mng'alu wa pakhoma lake, n'kufunsa ngati ena akuona zomwezo. Chithunzicho sichinathe ola. A Tcheya analemba kuti za kuchipinda siziyanikidwa pamsewu, ndipo mphunzitsiyo anachotsedwa pagulu. Kuyambira pamenepo anthu ankamupatsa moni wa pakamwa pokha. Kalipentala ankadziwa bwino kuti mashelefu, mabedi ndi makabati onse amene ankakhoma ankapita m'nyumba za anthu omwewo.

Lachisanu anamuuza mkazi wake zonse, ana atapita kusukulu.

"Ndiye mukufuna mukaimike ogulawo pamsewu?" anafunsa mkaziyo. "Mukatero, yathu ino adzaifuna ndani? Ntchito muzikaipeza kuti?"

"Nanga tikakhala chete, dothilo limva kuti takhala chete?"

"Inu ndinu wa matabwa, abambo. Si inu injiniya. Mwina mwalakwitsa."

"Mwina," anavomera.

Koma masana, kalipentala akuchokera kukagula misomali, anapeza mkazi wake atasamutsira bedi la ana pabalaza, pafupi ndi khomo lotulukira.

Loweruka ogula anafika dzuwa litakwera. Anabwera nawo ndi ejenti wa nyumba amene anthu ankangomutchula kuti Zatheka, chifukwa chilichonse chimene munthu angamufunse ankayankha kuti zatheka kale. Ogulawo anali namwino wachitsikana atanyamula khanda, ndi mwamuna wake, dalaivala wa basi. Kalipentala anali kumbuyo, m'shedi yake, akupala thabwa lomwe linali litasalala kale. Mazenera a a Telala anali otsegula, ndipo ankamva zonse.

"Onani chitseko ichi, bwana," Zatheka ankatero. "Chala chimodzi basi. Nyumba zamasiku ano mungazipeze zotere?"

Chitseko chinatsekeka, n'kutseguka, n'kutsekekanso. Kalipentala anamva ngati akumutsekera chala chake.

"Chipinda chino n'chabwino," anamveka namwino. "Chili kutali ndi phokoso la msewu. Mwana azigona muno. Ine ndikakhala kuntchito, azikhala ndi agogo ake."

Puleni anaima yekha pathabwa. Kalipentala anayang'ana khoma lotchinga dothi lija. Anali atakhala nalo zaka zisanu ndi zinayi, akuyanika matabwa pamenepo, koma tsikuli m'pamene anaona kuti pakati pake patupa ngati mimba, ndipo mzere wa njerwa wapamwamba wapinda.

Amuna aja atatulutsa mapepala, namwino anatulukira kumbuyo akutonthoza khanda. Anamuona kalipentala, n'kufika pampanda.

"Muli bwanji, bambo? Akuti mwakhalitsa kuno."

"Takhalako ndithu, mayi."

"Ejenti ndi ejenti, amayamikira ngakhale khola la nkhuku. Inu mundiuze. Pali chimene munthu ayenera kudziwa asanasaine?"

Kalipentala anati madzi amasiya kawiri pasabata. Anati akuba si ambiri. Anati sitolo yapakona imatseka msanga. Namwino ankagwedeza mutu, khanda likuseweretsa batani la bulauzi yake, ndipo anali atayamba kale kutembenuka.

"Mayi."

Anaima.

"Ine ndine wa matabwa, za nyumba sindizidziwa kwenikweni. Koma ndikanakhala wogula, kulikonse kumene ndingapite, ndikanathira madzi pang'ono pasimenti kuti ndione kumene akulowera. Ndikanakweranso pampando n'kuona pamwamba pa zitseko."

Namwino anamuyang'anitsitsa, monga amayang'anira wodwala amene akubisa pomwe pakupweteka. Kenako analowa. Kalipentala anamva mpando ukukokedwa. Anamva Zatheka akuseka, akufunsa ngati mayi akufuna kuona fumbi. Kenako kusekako kunaleka.

Anatuluka onse, a Telala ali pambuyo.

"Madeti anayi aja analemba ndani?" anafunsa namwino.

"Ndine."

"Akutanthauza chiyani?"

Kalipentala sanawayang'ane a Telala. Anafotokoza mwachidule: kuti deti lililonse ndi tsiku limene anapala chitsekocho chitakana kutsekeka, kuti masiku akufupikirafupikira, kuti chitseko n'chowongoka koma nyumba ndiyo ikupendamira kudzenje, ndipo yake nayonso ikutero.

"Nyumba iliyonse imakhazikika, bwana," Zatheka anauza dalaivala. "Musamvere za mmisiri wa mipando. Mwina amaifuna yekha motchipa. Zokonza khomalo zatheka kale, ingotsala ndi simenti."

Dalaivala anali atathira madzi a m'botolo lake pakhonde la kumbuyo, ndipo ankawayang'ana akuyenda molunjika, osakayika, kulowera kukhoma lija. Anatenga khanda m'manja mwa mkazi wake. Anatsanzika mwaulemu, n'kumapita.

Ola lisanathe foni ya kalipentala inalira. A Tcheya anali atalemba uthenga wautali wonena za anthu ena osakonda dera lawo, amene amaboola bwato lomwe akweramo. Pansi pake panali kamzere kosonyeza kuti iye wachotsedwa pagulu. Mkazi wake anawerenga, n'kumubwezera foni, n'kupita kukhitchini.

Chakumasana anamva kugogoda pampanda.

"Aneba, tabwerani."

Anapita atakonzekera kutukwanidwa, ndipo mumtima ankaona kuti akuyenera. A Telala sanamupatse mpando. Anamutengera pa makina awo osokera n'kuloza pansi. Miyendo iwiri ya kumbuyo inali itaponda tinsalu topindapinda, tosanjikizana kutalika ngati zala zitatu.

"Chaka chilichonse ndimawonjezera," anatero. "Ulusi ukagwa pansi sindiufunafuna. Ndimadziwa kumene wapita."

Kenako analowa kuchipinda kuja n'kumuuza kuti akankhe wadilopu. Kuseri kwake, pakhoma lapakati lomwe ankagawana, panali mng'alu wochokera kudenga kufika pansi. Kalipentala analowetsamo dzanja mpaka pamfundo za zala. Mbali inayo, komwe mng'aluwo unali usanatulukire, ndi pomwe panali mutu wa bedi la ana ake mpaka dzulo lake.

"Ndiye munkadziwa," anatero motsitsa mawu.

"Lolemba lapitali chitseko ichi chinakana kutseguka ndili m'kati. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Pazenera pali zitsulo zimene anaika malemu bambo a kuno. Ndinakuitanani, aneba. Ndinakuwa mpaka mawu kutha. Inu makina anu ocheka matabwa ankalira. Mwamwayi kunabwera mayi wina wodzatenga diresi, ndiye anachikankha ali kunja." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ine sindiopa kufa. Ndikuopa kufera m'chipinda chino, khoma likubwera, chitseko chitatseka."

"Nanga khanda lija, mayi?"

A Telala anakhala pabedi.

"Ndinkadziuza kuti achinyamata ali ndi mphamvu zokankha chitseko. Munthu akamva m'mimba amangoona khomo, saona amene wagona panjira." Anadzutsa mutu. "Mwandiphera msika. Ndikunama ndikati sindinakukwiyireni. Koma pamene mtsikana uja amanena kuti mwana azigona muno, ndinadziwa kuti ndikulakwa."

Kalipentala sanawaweruze. Iyenso anali atapala chitsekocho Lachinayi, levulo ili m'thumba, akudziwa. Anatulutsa zida zake, n'kumasula mahinjesi, n'kuchotsa chitsekocho. Ulendo uno sanachigoneke pabenchi. Anachitsamiritsa pabalaza, madeti ali poonekera.

"Ichi sichibwereranso pafelemu," anatero. "Muzigona pabalaza, pafupi ndi khomo. Lolemba ndichinyamula pawilibala kupita nacho kwa injiniya wa ku khonsolo. Akaone madetiwa ndi maso ake. Koma ndikapita ndekha akati ndi nsanje ya mmisiri wa mipando."

"Ndipo a Tcheya akandichotsa pagulu?"

"Kunja kuno tilipo kale awiri, ine ndi aphunzitsi. Malo alipo."

A Telala anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. Panthawi yomweyo timiyala ta pulasitala tinayoyoka mumng'alu muja, n'kugwera pasimenti, ndipo kamodzi kanagubuduka pang'onopang'ono kulowera kukona. Onse awiri anakayang'ana mpaka kanaima.

"Ndipita nanu," anatero a Telala. "Ndikanena ndi pakamwa panga. Mawa tiyenda khomo ndi khomo mumzere uno, aliyense akwere pampando aone chitseko chake. Ndipo aliyense wobwera kudzaona nyumba ino, ndiziyamba kumukankhira wadilopuyi. Koma nanunso mundilonjeze chinthu chimodzi."

"Nenani, mayi."

"Ndikagogoda khomali katatu, musafunse kuti n'chiyani."

"Makina ndisiya kuwaliza mpaka injiniya atabwera. Ndizicheka ndi sowo ya manja kuti ndizimva. Mgwala wothyolera chitseko uzikhala pakhomo panga. Mukagogoda katatu, ndafika. Nafenso tikagogoda, mutuluke momwe mulirimo, makina osokera muwasiye."

"Ndituluka," anatero a Telala, n'kumupatsa dzanja.